Njinga Yamoto Imene Inadya Chiliza cha Bambo Anga

Abale ndi alongo, timuoneni nonse. Ndilankhula m'Chichewa chifukwa ambiri mwa inu mwachokera ku esiteti ya raba, ndipo sindikufuna kuti wina atuluke muno asanamve bwinobwino zimene ndinachita. Dzina langa ndine Lameki, kwathu ndi konkuno ku Kande, kumtunda kwa msewu. Amene mumandidziwa mukudabwa kundiona nditaimirira, chifukwa ine ndi uja ndimakhala pa benchi ya kumbuyo, nyimbo ikamaimbidwa n'kumangogwedeza milomo. Kukhala chete kumeneko kunanyenga abale anga onse. Kunandinyenganso ine mwini.

Amayi anamwalira ndili wakhanda, bambo anatsatira ndisanayambe sukulu. Amene anandilera ndi agogo anga obereka bambo, anyaLongwe. Ndi mayi waukali, wa fodya wa m'mphuno, amene ankakuonetsa ntchito kamodzi kokha, kaya ndi kuviika chinangwa, kusinja kapena kusoka chigamba. Ukalakwitsa ankangokulanda n'kuchita okha. Choncho ndinakula ndili mwana wongoyang'ana. Ndinkadziwa amene waba nkhuku ya yani m'mudzi, amene akulowa nyumba ya yani, koma sindinkanena. Anthu ankati, "Mwana uyu ndi wofatsa." Palibe anafunsa chimene chinali m'mutu mwa wofatsayo.

Bambo anasiya chinthu chimodzi, njinga yamoto yakalekale ya ku Mangalande, imene agogo aamuna anabwera nayo pochokera kuntchito ku Bulawayo. Inkakhala m'kachipinda ka kuseri, matayala ataphwa, dzimbiri paliponse, nkhuku zikuikira pansi pake. Nkhope ya bambo sindiikumbukira. Chimene ndimakumbukira ndi fungo la petulo ndi kutentha kwa thanki pantchafu zanga, atandikhazika kutsogolo. Amuna akuluakulu akandiona ankakonda kunena kuti, "Bambo ako Filimoni akamachokera ku Chintheche tinkamumva asanaoneke." Mawu amenewo ndinkawasunga.

Nditakula ndinapeza ntchito yosesa mchenga ndi kuthirira maluwa pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Tsiku lina kunabwera mzungu wa pa njinga yamoto yaikulu. Ndikumutsukira njingayo ndinamuuza kuti kwathu kuli yakale. Anati ndikamuonetse. Atafika m'kachipinda kaja anagwada m'zitosi za nkhuku, akupukuta injini ndi chala, akupukusa mutu. Kenako anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi. Anati kwawo anthu amazimanganso njinga zoterezi, aliyense monga mmene mtima wake ukufunira, ndipo zikatha anthu amaima pamsewu kuziyang'ana. Iye m'mawa mwake anapitiriza ulendo wake. Ine anandisiyira matenda.

Njinga ya bambo ija ndinaikweza pa lole ya makala mpaka ku Chintheche, kwa a Makwinja. Ena a ku esiteti mukuwadziwa, ndi a ku Mulanje, anali mekaniki kumeneko asanapume. Pano amakonza njinga za kabaza pansi pa mtengo wa mango. Ataiona anaizungulira ngati akugula ng'ombe.

"Nkhalamba iyi mwaifukula kuti, achimwene?"

"Ndi ya bambo anga."

"Bambo anuwo abwere adzandithandize kuipempherera."

"Anamwalira."

Anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Pepani. Ndiye mukufuna ingolira, kapena mukufuna chiyani?"

Abale, ine amene sindinkamaliza mawu atatu pagulu, tsiku limenelo ndinalankhula ngati mlaliki. Ndinati thanki ikhale yakuda ndi kamzere kagolide. Chishalo chikhale chachikopa, cha munthu mmodzi. Mahandulo atsike pang'ono, ekizozi inyezimire mpaka munthu azidziona. Pa thanki palembedwe dzina la bambo.

A Makwinja anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Achimwene, ndikuuzeni zoona dzuwa likadali pamutu. Iyi si ngati timakabaza iti. Zitsulo zake ku Mzuzu simukazipeza. Zina tizichita kuitanitsa ku Dar, zina ku Joni, zina ndizichita kusula ndekha. Njinga yotere sikhuta. Mukaipatsa ichi ifuna icho. Muli nazo mphamvu?"

Ndinati, "Ndili nazo." Limenelo linali bodza loyamba, ndipo linatuluka mosavuta moti ndinadabwa.

Kangachepe kamene ndinkasunga kanathera pa kupala dzimbiri ndi matayala. Injini anali asanaitsegule n'komwe.

Tsopano mumve za simenti. Inu a kumwera mwina mumachita mosiyana, koma kuno munthu akagona zaka zambiri pansi pa mulu wa dothi lokha, opanda chiliza, ndi manyazi a banja lonse. Bambo anga anali atagona choncho kuyambira ndili mwana. Agogo sankapempha nsapato kapena bulangete, koma chinthu chimodzi ankachinena chaka ndi chaka: "Ndisanafe ndione Filimoni ataphimbidwa." Mng'ono wa bambo, a Witinesi, amene amagwira ntchito ku Joni, anasonkhanitsa abale. Anagwirizana kuti simenti igulidwiretu mvula ikangotha, mitengo isanakwere, ndipo chiliza chidzamangidwe kumapeto kwa chilimwe iwo akadzabwera. Atafunsana kosungira, sipanakhale mtsutso. "Kwa Lameki. Samwa, sayenda, salankhula." Matumbawo tinawasanja pa matabwa m'kachipinda komwe kaja munachoka njinga, n'kuphimba ndi lona.

Sabata yomweyo a Makwinja anandiitana. Pisitoni inali itagwirana ndi dzimbiri, pamafunika ina. Ndikubwerera, mnzanga wina amene ankamanga kagolosale anandifunsa ngati ndikudziwa kopeza simenti yotsika mtengo. Ndinamupatsa thumba limodzi. Ndinadziuza kuti ndabwereka, ndidzabweza mwezi ukatha. Koma pa mulu paja panaoneka mpata, ndipo agogo amasesa m'chipindamo. Ku loji ankamanga zipinda zatsopano, matumba opanda kanthu ali mbwee. Ndinatenga limodzi, n'kudzaza mchenga wouma wa kunyanja, n'kusoka kukamwa kwake ndi ulusi wa ukonde, n'kupaka phulusa kunja kuti lioneke lotuwa. Ndinaliika pansi penipeni, kumbuyo. Kulemera kwake kunali komweko.

Pambuyo pa pisitoni panabwera kabureta. Pambuyo pa kabureta, magineto. Kenako masipoko, tcheni, chikopa cha chishalo, penti. China chinafika cholakwika kuchokera ku Dar, tinaitanitsanso. Chilichonse chimene a Makwinja ankatchula, thumba linkatuluka, la mchenga n'kulowa. Iwo sankadziwa kanthu, ankaona ngati ku loji amalipira bwino. Ndinkadziuza kuti njinga ikatha azungu azidzaibwereka kukajambulitsa nayo, ndipo simenti yonse ibwerera nthawi isanakwane. Ndinkadziuzanso china choipa kuposa chimenecho, kuti bambo akanakondwera ndi njinga yawo kuposa mwala.

A Witinesi akaimba foni ya kanema ankati, "Mwana wanga, tionetse katundu." Ine ndinkavundukula lona n'kuyendetsa foni pang'onopang'ono. "Eya, ali bwino. Ukusamala, mwana wanga." Tsiku lina ndinapeza agogo m'chipindamo, tsache lili pansi, akusisita matumba aja ndi dzanja. Anali kunena motsitsa mawu, "Filimoni, nyumba yako iyi." Dzanja lawo linali pa mchenga. Ndinabwerera chafutambuyo osapanga phokoso, ndipo mawa lake ndinagulitsa thumba lina.

Tsiku lomanga linakwana njinga isanathe. Simenti yeniyeni inali itatsala mzere wapamwamba wokha.

Abale anabwera, a ku Joni, a ku Mzuzu, a ku Tukombo. Mbuzi inaphedwa. Amayi anatunga madzi n'kudzaza migolo, amuna tinapita kumanda, mkulu wa mpingo anapemphera. Agogo anawayalira mphasa pamthunzi kuti aone zonse. Manda athu ali pamalo otsetsereka, pakati pa minda ya chinangwa. Mmisiri anayamba monga mmene amachitira: anachotsa mulu wonse wa dothi umene unaphimba bambo zaka zonsezo, anasalaza, n'kukumba ngalande ya maziko kuzungulira. Anyamata anasenza matumba kuchokera kunyumba, ine ndili nawo limodzi. Ndinkadziwa thumba lililonse limene linali pamutu pa mnzanga, koma ndinkayenda ngati sindikudziwa. Mpaka lero sindimvetsa chimene ndinkayembekezera.

Matumba oyamba anali enieni. Mzere woyamba wa njerwa unagona. Kenako mmisiri anabaya lina ndi mpeni, ndipo munatuluka mchenga woyera, ndi tizigoba ta nkhono. Anthu anayamba ndi kuseka. Anabaya lina, mchenga. Lina, mchenga. Kuseka kunatha. A Witinesi anamulanda mpeni n'kuyamba kubaya okha, thumba ndi thumba, mpaka mchenga unawakwirira nsapato.

"Wa sitolo uja watibera! Anyamata, tiyeni tikamutenge!"

Anyamata anayamba kuthyola ndodo. Ine ndinaima ndi ndowa m'manja. Ndinaona anthu akupita kukamenya munthu wosalakwa, ndipo pakamwa panga sipanatseguke. Ndikufuna mumve bwino pamenepo. Ndikanawasiya apite.

Agogo anati, "Ndipatseni thumba limodzi." Mtsikana wina anawapatsira lopanda kanthu. Maso awo saona bwino, ndiye anayendetsa chala pa msoko kuyambira uku mpaka uko. Anabwerezanso.

"Witinesi, abweze anyamatawo."

"Ama, mukuti chiyani?"

"Msoko uwu ndi wa m'nyumba mwanga. Pothera amabwereza kawiri n'kubisa mfundo mkati. Ndinamuonetsa ndine."

Sanatchule dzina, koma mitu yonse inatembenukira kwa ine. A Witinesi anandiyang'ana, ndipo anaseka, kuseka kwa munthu amene sakukhulupirira.

"Iwe? Lameki? Iweyo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Unapita nayo kuti?"

"Ku njinga."

"Njinga iti?"

"Ya bambo."

Anakhala pa njerwa, atagwira mutu. Azakhali ena anayamba kulira ngati maliro ndi a tsiku lomwelo. Kenako a Witinesi anadzuka. Anati, "Aliyense amve. Manda awa asawakhudze munthu mpaka wakubayu abweze simenti yonse. Akhale chonchi, aziwaona." Agogo anangopinda thumba lija bwinobwino n'kuliika pamiyendo.

Ndinaika ndowa pansi n'kulowa m'munda wa chinangwa. Palibe ananditsatira. Ndinatulukira kumsewu, minibasi mpaka ku boma, boti mpaka ku Usisya kumene kunalibe wondidziwa.

Kumeneko ndinalowa ganyu yokoka ukonde wa chilimira. Ndinali ndisanalawepo mowa moyo wanga wonse, koma anzanga atandipatsa kachasu koyamba ndinapeza kuti kamazimitsa chithunzi cha mchenga ukutuluka m'thumba. Kankazimitsa kwa maola ochepa, ndiye ndinkawonjezera. Zimene ndinkalandira m'mawa, masana zinali zitatha. Ndinagulitsa foni, ndinagulitsa nsapato. Eni maboti anayamba kundikana chifukwa manja ankanjenjemera pa chingwe. Ndinkagona pansi pa thandala loyanikapo usipa, n'kumatola umene wagwa mumchenga kuti ndidye. Ndinadzukapo masana ndithu nditadziipitsira, amayi akudutsa atagwira mphuno. Sindikukuuzani kuti mundimvere chisoni. Ndikukuuzani kuti mudziwe kumene amafika munthu amene mudzi wonse unkati samwa.

Mvula inayamba, inagwa Khirisimasi yonse, inapitirira. Tsiku lina mayi wina wogula usipa anaima pamene ndinakhala. Anali anyaMhone a kwathu, amene amapita kukagulitsa ku Mzuzu.

"Si iwe mdzukulu wa anyaLongwe?"

"Ayi, mwalakwitsa."

"Usandipusitse iwe, ndinakusambitsapo uli ndi mphere. Ndiye uli kuno ukuwola? Ukudziwa kuti bambo ako atitimira?"

Sindinamvetse. Anandifotokozera ataima, manja ali m'chiuno. A Witinesi anabwerera ku Joni mawu awo aja ali chiimire, ndipo abale onse ankaopa kukhudza mandawo. Mulu unali utachotsedwa, ngalande ili yasa, ndiye madzi onse otsika kuphiri ankathera momwemo.

"Amene sanamvere lamulolo ndi agogo ako okha. Mvula ikagwa, m'mawa mwake ali kumeneko ndi beseni. Tawaletsa, amatitukwana. Adzafera komweko mayi aja. Dzuka, unyamule madengu anga. Tikiti yako ndi imeneyo."

Ndinanyamula. Osati chifukwa ndinali nditalapa, koma chifukwa anyaMhone si munthu womukanira.

Ndinafika ku Kande m'mawa, mvula itagwa usiku wonse. Sindinapite kunyumba. Ndinadzera m'minda mpaka kumanda, n'kuima kuseri kwa mtengo wa mango monga ndinazolowera, kuona osaoneka.

Abale, ndinali nditauzidwa, koma kuuzidwa si kuona. Mzere wa njerwa uja unali utagwera mkati. Ngalande inali yodzaza madzi ofiira. Kumutu kwa manda kunali kutalowa pansi, dzenje loti mwana akhoza kukhalamo. Ndipo agogo anali atagwada m'matopemo, opanda nsapato, akukapa madzi ndi mbale yodyera. Anali ataonda moti mapewa ankaoneka ngati a mwana. Ankakapa, n'kutaya, n'kupuma. Ankakapa, n'kutaya, n'kupuma. Madzi atachepa anakwawa kupita pamene panali dothi louma pang'ono, n'kuyamba kudzaza beseni ndi manja. Anayesa kulikweza pamutu, linakana. Anayesanso, linakana. Ndiye anayamba kulikoka pansi, iwo akubwerera chammbuyo ndi maondo.

Ankalankhula. Ndinatchera khutu.

"Pepa Filimoni, lero ndachedwa. Miyendo iyi. Usadandaule, ndabwera."

Atafika padzenje paja anasuzumira, n'kuima kaye. Ndinayang'ana pamene ankayang'ana. Madzi anali atakokolola mpaka panaoneka nsonga ya thabwa lakuda, lowola. Bokosi la bambo anga linali pamtunda. Agogo anamasula nsalu imene anafunda m'mapewa, anaipinda, n'kuiyala pa thabwapo, akuisalaza m'mbali monga mmene amafunditsira mwana. Kenako anayamba kuthirapo dothi, dzanja limodzi limodzi.

Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti ndinaba simenti, ndipo ndinkamwa chifukwa cha manyazi a dzina langa. Ndinkadzilirira ndekha. Pamenepo m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Ndinafukula bambo anga, n'kusiyira mayi wokalamba kuti aziwakwiriranso ndi manja mvula ikagwa.

Sindikumbukira kuganiza zoti ndituluke. Ndinangopezeka ndili poyera. Agogo anamva mapazi, anatukula mutu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akutsinzinira kuti aone bwino. Ndinayembekeza kukuwa, kapena kutukwana, kapena kulira. Ndikanakonda anditukwane.

Anati, "Ukununkha."

Ndinati, "Inde, agogo."

Analoza beseni. "Gwira uku."

Ndinagwira. Tinatuta dothi mpaka dzuwa linafika pamutu. Dzenje litadzaza ndinalipondaponda ndi mapazi, iwo atakhala pa njerwa akupuma mwabefu. Pobwerera anatsamira paphewa panga chifukwa panalibe china chotsamira. Tili pafupi kufika anafunsa, osandiyang'ana, "Njingayo inalira?"

"Sindikudziwa, agogo."

"Bambo ako ankaikankha kuposa kuikwera. Ankafika nayo pano thukuta lili kamukamu, akuitukwana."

Ndi zokhazo zimene ananenapo za njinga, mpaka lero.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinabwererera, chifukwa mwina wina muno akufuna njira osati nkhani yokha.

Madzulo omwewo ndinatenga khasu n'kukumba ngalande kumtunda kwa manda kuti madzi a kuphiri azipatuka. Ndinazula malata akale a khola la mbuzi n'kuphimba pamwamba. Chimene chikuwonongeka lero uyambe wachitchinjiriza lero, kupepesa kubwere pambuyo.

Mawa lake ndinapita kwa mkulu wa mpingo uja anapemphera kumanda. Ndinamuuza zonse ndi pakamwa panga, kuyambira thumba loyamba, ngakhale zimene sanandifunse. Anaimbira a Witinesi ine ndili pomwepo. Ndinamva mawu awo pafoni: "Amange yekha. Ine ndalama yanga ndinaiona ikutuluka m'thumba." Anadula. Sanalakwe.

Mowa unandivuta. Masabata oyamba thupi linkanjenjemera, thukuta, kusanza. Ndinasiya kupita kudooko kumene amagulitsa, ngakhale kukagula usipa. Ludzu likandigwira ndinkapita kukakhala pakhonde pa mkulu wa mpingo, iye akusoka ukonde, mpaka lidutse. Ndinagwapo kamodzi, pa ukwati wa mnzanga. M'mawa mwake ndinapita kukanena ndekha anthu asanandinenere. Kuyambira pamenepo sindinalawenso.

Kenako ndinapita ku Chintheche. A Makwinja anali atamva kale. Sanandipatse moni.

"Achimwene, munandigwiritsa ntchito yanji? Mukanandiuza kuti ndikuwotcherera ndi manda a munthu, sipanala ndikanaiponya m'nyanja."

Anavundukula nsalu. Njinga inali itatha. Thanki yakuda, kamzere kagolide, chishalo chachikopa, zonse monga ndinanenera, ndi dzina la bambo pambali. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Anaponda kiki kawiri, inalira, anyamata a kabaza anathamanga kudzaona. Anati, "Kwerani kamodzi, mwaivutikira." Ndinadziwa kuti ndikangokhala pa chishalocho ndiyamba kupeza zifukwa. Ndinati, "Ada, fufutani dzinalo, mundipezere wogula."

Anamupeza, munthu wa ku Mzuzu wokonda zakale. Mtengo wake sunafike pa zimene njingayo inadya, ndipo musadzanamizidwe, sufika. Ndinapempha a Makwinja kuti ndalamazo asandipatse m'manja. Tinapita limodzi kwa wa sitolo uja anatsala pang'ono kumenyedwa. Ndinamupepesa pamaso pa ogula. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Ndiye iwe ndi uja wofatsa?" Tinagula simenti imene ndalamazo zinakwanitsa, n'kugwirizana kuti izikhala m'sitolo momwemo, izituluka tsiku loigwiritsa ntchito basi. Yotsalayo ndinaigwirira ntchito. Ku loji anali atalemba wina, ndiye ndinapita kwa mmisiri yemwe uja n'kumupempha kuti ndikhale womuponda matope ndi kumupatsira njerwa. Chilimwe chonse ndinayenda naye, ndipo ndinaphunzira kugwira chipande chomangira ndi chingwe.

Inu amene mwasungitsidwa chinthu chifukwa anthu amati ndinu ofatsa, ndikukupemphani, musachisunge nokha. Pezani munthu woti azibwera kudzavundukula n'kugwira ndi manja ake. Ngati mwayamba kale kutengako, kaneneni lero mukangotuluka muno, pamene chotengedwacho chikadali chochepa. Ine ndinali ndi miyezi yambiri yoti ndinene, ndipo tsiku lililonse kunena kunali kosavuta kuposa tsiku lotsatira. A Witinesi mpaka pano foni yanga sayankha. Abale ena akandiona amasuntha chikwama. Zimenezo ndi zanga, ndazilandira.

Chiliza tinamanga chilimwe chathachi, ine ndi mmisiri. Panalibe mbuzi, panalibe a ku Joni. Njerwa zambiri ndinayala ndekha, iye akundikalipira. Simenti itauma ndinapita kukatenga agogo. Masiku ano sayenda mtunda, ndiye ndinawabereka kumsana. Amapepuka ngati mtolo wa udzu.

Ndinawatsitsa pambali pa chilizacho. Anayamba kuchipapasa ndi manja onse awiri, kuyambira kumiyendo, m'mbali, mpaka kumutu, pang'onopang'ono, osasiya malo.

"Chakhota mbali iyi."

"Inde, agogo."

"Ndipatse madzi."

Ndinaganiza kuti ali ndi ludzu, ndinawapatsa botolo limene ndinatenga. Sanamwe. Anathira onse pamwamba pa chiliza, kumutu kuja kunali dzenje, n'kuika dzanja kuti amve kumene akupita. Madziwo anayenderera, anatsikira m'mbali, n'kukagwera mungalande.

Anati, "Salowa."

Anakhala pansi, n'kutsamira msana pa chilizacho. Anatulutsa kabotolo ka fodya, ananunkhiza, anayetsemula. Pasanapite nthawi anali atagona, kukamwa kuli yasa, masanasana. Ine ndinathyola kanthambi ka mango n'kukhala pambali pawo kuwaingira ntchentche mpaka anadzuka okha.

Mulungu amene ananditola pansi pa thandala la usipa akusungeni nonse. Yewo, ndakhala pansi.